Kuwedza Nsomba Yomwe Sudzadya

Usiku wa pa 15 June chaka chilichonse, m'mbali mwa mitsinje ya ku England monga Trent, Severn ndi Wye mumapezeka anthu atakhala chete mumdima, maso ali pa wotchi. Mbedza amakhala ataziveka kale nyambo, koma saponya. Lamulo la kumeneko limaletsa kuwedza mitundu yambiri ya nsomba za mumtsinje kuyambira pa 15 March mpaka pa 15 June, nthawi yomwe nsombazo zimaswana. Ndiye 12 koloko usiku ikangokwana, zingwe zonse zimagwera m'madzi. Ambiri mwa anthuwa mtima wawo umakhala pa nsomba imodzi yokha, yomwe Angerezi amaitcha barbel.

Abale amene mudakhalako ku Joni kapena ku Zimbabwe musasokonezeke, pakuti kumeneko barbel ndi mlamba wathu uja. Ya ku England ndi ina. Ili ndi mamba, ndipo ndi yam'banja limodzi ndi matemba athu, kadyakolo ndi ngumbo, kungoti iyoyo ndi yaitali, yamaonekedwe ngati a mkuwa, kamwa lake lili chakunsi ndipo lazunguliridwa ndi tindevu tinayi tofufuzira chakudya. Dzina lakelo lidachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza ndevu. Imakhala pansi pa mtsinje, pomwe madzi amathamanga pa nsangalabwi, mutu utaloza kochokera madzi. Popeza moyo wake wonse ndi wolimbana ndi liwiro la madzi, thupi lake ndi mnofu wokhawokha. Yolemera makilogalamu 4 kapena 5 imawerengedwa kuti ndi yaikulu ndithu, ndipo mu 2006 pamalo otchedwa Adams Mill pa mtsinje wa Great Ouse padakodwa ina yoposa pang'ono makilogalamu 9.5, yomwe idali yoposa zonse zodziwika m'dzikomo panthawiyo.

Zochitika nsomba ikakodwa ndi zomwe zingakudabwitseni. Munthu uja amalimbana nayo kwa mphindi zingapo, ndodo itapindika ngati uta, mpaka nsomba itafooka. Amaivuula ndi kaukonde, n'kuigoneka pa kamphasa kofewa konyowa kuti isapweteke pa miyala. Amachotsa mbedza, n'kuiyeza pa sikelo, n'kujambulitsa ataifungatira ngati khanda. Akatero amagwada m'mphepete mwa madzi, n'kuigwirizira mumtsinje mpaka mphamvu zitabwerera, kenaka n'kuitaya. Amabwerera kunyumba chimanjamanja, mwinanso n'kudzera pasitolo kukagula nsomba yokazinga ndi tchipisi.

Kwa ife amene tikudziwa mtengo wa mulu wa usipa pamsika, izi zimamveka ngati nthabwala. Makilogalamu 5 a ndiwo, munthu n'kuwabwezera m'madzi dala? Zifukwa zina zilipo. Nsombayi ili ndi minga yambiri, mazira ake amatsegula m'mimba ndi kusanzitsa, ndipo malamulo a ku England salola munthu kutenga barbel yaikulu mumtsinje kupita nayo kunyumba. Koma izi sizifika pagwero penipeni, chifukwa anthuwa akadaitayabe ngakhale ikadakhala yokoma ngati chambo. Ndiwo sizili m'maganizo mwawo n'komwe. Akufuna kuikola basi, ndipo akaikola kamodzi amafunanso, mpaka ena moyo wawo wonse umayamba kuzungulira pa mtsinje. Apa pali mafunso awiri omangana: masewerowa amamuchita chiyani munthu, ndipo amaichita chiyani nsomba? Ngakhale ambiri a ife sitidzafikako ku Trent, mafunsowa si achilendo kwa aliyense amene ali ndi chinthu chomwe chidamulowa m'magazi.

Tiyambe ndi munthu. Kuwedza barbel ndi kudikira. Msodzi amasankha malo pomwe akuganiza kuti nsomba zimadyera, amamwazapo nyambo, n'kuponya mbedza yokhala ndi chitsulo choimiza pansi. Nyambo zake ndi nyama ya m'chitini yoduladula, timibulu ta chakudya cha nsomba, ndiponso njere za chamba zowiritsa, zomwe kumeneko zimagulitsidwa poyera m'sitolo za asodzi popanda wapolisi kufunsa kanthu. Akatero amakhala pansi, maso pa nsonga ya ndodo. Ola limatha, lachiwiri, lachitatu. Masiku ena dzuwa limalowa popanda kanthu kogwedeza chingwe, ndipo munthu akhoza kupita kumtsinje maulendo anayi kapena asanu otsatizana osakola olo imodzi. Ndiye mwadzidzidzi, iye ali mkati motsegula fulasiki ya tiyi, ndodo imagwetsedwa ndi mphamvu moti ngati sadaigwire imalowa mumtsinje. Barbel silawa nyambo monyinyirika ngati nsomba zina. Imangotenga n'kuthawa. Asodzi ambiri amanena kuti mphindi imeneyo, yochoka pa bata la maola ambiri kufika pa kugunda kwa mtima koteroko, ndi yomwe idawagwira tsiku loyamba ndipo sidawasiyenso.

Akatswiri a kaganizidwe ka munthu amachidziwa bwino chinthu chimenechi. M'zaka za m'ma 1950, B. F. Skinner wa ku America ankachita kafukufuku ndi nkhunda zojompha kabatani kuti zilandire chakudya. Nkhunda yolandira chakudya nthawi iliyonse ikajompha inkaleka msanga chakudyacho chikasiya kubwera. Koma yolandira mwa apo ndi apo, mosadziwika kuti ndi liti, inkajomphabe kwa nthawi yaitali ngakhale pasakubwera kanthu. Mphotho yosadziwika tsiku lake imamanga kuposa mphotho yodalirika. Umu ndi momwe adapangira makina a juga, ndipo ndi chomwe chimabweza achinyamata athu ku nyumba zobetchera mpira Loweruka lililonse ngakhale adadyedwa sabata yatha. Msodzi wa barbel sangakonde kumva kuti akufanana ndi wobetcha, koma tsiku lomwe sadakole kanthu ndi lomwe limamuuza kuti mawa ndiye mawa. Kusakola sikumugwetsa ulesi. Kumanola njala yake.

Pamwamba pa izi pamabwera manambala. Angerezi amayeza nsombazi m'mapaundi, ndipo loto la woyamba kumene ndi kukola ya mapaundi 10, omwe ndi makilogalamu 4.5. Akaikola, chisangalalo chimakhala cha masiku ochepa, kenaka mtima umasamukira pa 12, kenaka 14. Nsomba ya mapaundi 7, yomwe chaka chatha ikadamuvinitsa, tsopano amaitaya mokhumudwa osaijambula n'komwe. Nsomba zikuluzikulu zimadziwika ndi zipsera zake, zina zimapatsidwa maina, ndipo anthu amayenda mitunda yaitali kukalinda padziwe limodzi kuti nawonso akole nsomba yomweyo yomwe anzawo adaikola mwezi watha. Chikondi chimenechi chidasinthako ngakhale mapu a nsombayi. Kale barbel inkapezeka m'mitsinje yothira kum'mawa kwa England yokha, monga Trent ndi Thames, koma mu 1956 nsomba 509 zidatengedwa mumtsinje wa Kennet n'kukathiridwa mu Severn, ndipo lero Severn ndi umodzi mwa mitsinje yotchuka nayo. Ndodo, mawilo okulungira chingwe, matenti, chiphaso cha boma, ndalama zolowera kalabu yokhala ndi gawo la mtsinje, mafuta agalimoto: zonsezi zimatuluka m'thumba lomwelo lomwe banja limadalira. Koma chodula kwambiri ndi nthawi, pakuti barbel imadya kwambiri madzulo ndi usiku, maola omwe ana amakhala ali kunyumba.

Pano n'kosavuta kugamula msanga kuti zonsezi ndi zachabe, ntchito za anthu okhuta. Ine sindikuvomereza. Munthu sadalengedwe kuti azingogwira ntchito ndi kugona. Thomas Aquinas adaphunzitsa kuti monga thupi limatopa n'kufuna kupuma, mzimunso umatopa, ndipo kupuma kwake ndi masewero ndi zosangalatsa; adafanizira ndi uta womwe umathyoka ukakhala chikokere. Izaak Walton, yemwe buku lake lonena za kuwedza, The Compleat Angler, lidatuluka mu 1653 ndipo likusindikizidwabe, ankaona kuwedza ngati mpumulo wa munthu wosinkhasinkha. Pali zoona pamenepa. Wowedza barbel amaphunzira zinthu zomwe munthu wa m'tauni adaiwala: kukhala chete maola atatu popanda foni, kuwerenga madzi, kudziwa kuti mvula yofunda ikadzaza mtsinje nsomba zimadya, pomwe madzi ozizira ndi oyera mbee zimatseka pakamwa. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kotere sikugulidwa m'sitolo. Tikayerekeza ndi malo ena omwe abambo ambiri amathera Loweruka, m'mphepete mwa mtsinje si poipitsitsa ayi.

Choncho vuto si lakuti munthu wakonda chinthu chopanda phindu la ndalama kapena la m'mbale. Vuto limayamba pomwe chinthucho chaleka kukhala mpumulo n'kukhala bwana. Chizindikiro chake n'chodziwika m'nyumba zambiri zomwe mulibe ndodo yowedzera: munthu ali patebulo ndi banja koma mtima uli kwina, amakwiya ukwati wa mlamu wake ukagwera tsiku lake lapadera, amachepetsa mtengo wa zomwe wagula akamauza mkazi wake. Kumwerekera sikufuna botolo nthawi zonse. Kumatheka ndi mpira, ndi bawo, ndi foni, ngakhale ndi misonkhano yabwino yomwe imachititsa munthu kuyamikiridwa kunja pomwe kunyumba akumusowa.

Tsono nanga nsomba? Funso ili ndi lomwe asodzi ambiri safuna kulikhalira pansi. Kwa zaka zambiri yankho lidali lakuti nsomba simva ululu, ndipo pali akatswiri omwe amaterobe. Mu 2002, James Rose wa ku yunivesite ya Wyoming adalemba kuti ubongo wa nsomba ulibe gawo lija lomwe mwa munthu limathandiza kuzindikira ululu, kotero kuphiriphitha kwake pa mbedza n'kungodzidzimuka kwa thupi, monga dzanja limathawira moto munthu asanaganize. Koma mu 2003, Lynne Sneddon ndi anzake ku Roslin Institute, pafupi ndi Edinburgh, adapeza mitsempha yomvera zopweteka pamutu ndi pamilomo pa nsomba za mtundu wa trout. Atazibaya pamilomo ululu wa njuchi kapena asidi wa mu viniga, nsombazo zidaleka kudya kwa maola angapo, zina zidayamba kukhuza milomo pa miyala ya pansi, zina kumangogwedezeka uku ndi uku. Atazipatsa mankhwala opha ululu a morphine, machitidwe achilendowo adachepa. Mkangano wa akatswiri sudathe, chifukwa palibe angalowe m'mutu mwa nsomba. Koma umboni wakhala ukupendekera mbali yakuti pali china chake chomwe nsomba imamva, ndipo n'chosakoma.

Pakakhala kukayika kotere, munthu wachilungamo sasankha yankho lomukomera iye. Mlenje amene sakudziwa ngati chogwedeza tchire ndi gwape kapena munthu saombera. Kukayikako kumagwera wogwira mfuti, osati wobisika m'tchire. N'chimodzimodzi ndi mbedza.

Chodabwitsa n'chakuti maiko awiri oyandikana, onse onena kuti amalemekeza nsomba, adafika pa malamulo otsutsana. Ku England, kulemekeza barbel n'kuibwezera m'madzi ili moyo. Woipha amaonedwa ngati wakuba, ndipo lamulo loteteza zinyama la 2006 lidapatula dala zochitika pa kuwedza kuti zisakhudzidwe. Ku Germany lamulo limaletsa kupweteka nyama popanda chifukwa chomveka. Kufuna ndiwo ndi chifukwa chomveka, koma kufuna chithunzi si chifukwa, moti asodzi ena adaimbidwapo mlandu chifukwa chokola nsomba zazikulu, kuzijambula n'kuzitaya. Dziko la Switzerland lidafika polemba poyera mu 2008 kuti n'koletsedwa kuwedza uli ndi cholinga chobwezera nsomba m'madzi. Mngerezi amati: ndaisiyira moyo wake. Mjeremani amati: waizunza pachabe; ukadakhala ndi njala tikadamva. Mayi wogula mlamba wowamba pamsika, atafunsidwa, ndikhulupirira angaime ndi Mjeremani osaganiza kawiri.

Inenso ndikuona kuti msodzi wanjala ali ndi mlandu wopepuka kuposa msodzi wamasewero, ngakhale woyambayo ndiye amapha. Katekisimu wa Mpingo, pa ndime 2417 ndi 2418, amalola munthu kugwiritsa ntchito zinyama pa chakudya, pa zovala, ngakhale pa zosangalatsa, koma amachenjeza kuti kuzizunza kapena kuzipha popanda chifukwa kumatsitsa ulemu wa munthu mwini wakeyo. Liwu lolemera ndi lakuti popanda chifukwa. Wophera ndiwo chifukwa chake chili poyera: nsomba yafa, ana adya. Wamasewero chifukwa chake ndi kukoma kwa kulimbanako, ndipo apa m'pomwe pamaluma, pakuti chomwe amatamandira barbel kuposa nsomba zina ndi mphamvu yomwe imathawira. Kupindika kwa ndodo komwe kumamusangalatsa ndi mantha a nsomba ofika m'manja mwake kudzera pa chingwe. Kuitaya pambuyo pake n'kwabwino kuposa kuiponya m'tchire, koma sikufafaniza mphindi zijazo. Amene amati amaikonda nsombayi ayenera kuvomereza kuti chikondi chake chimadzera pa mlomo woboola.

Komabe nkhaniyi sithera pamenepa, chifukwa asodziwa ali ndi mboni yamphamvu, yomwe ndi mitsinje yeniyeniyo. Pakati pa zaka za m'ma 1900 mitsinje yambiri ya ku England idali ngalande za zonyansa za m'mafakitale ndi m'zimbudzi. Mbali ya Thames yodutsa mu London idafika potchedwa yakufa mu 1957, ndipo Trent inkalandira uve wa mzinda wa Birmingham kudzera mumtsinje wa Tame. Ena mwa omwe adakokera owononga madzi kukhoti adali asodzi. Mu 1948 adakhazikitsa bungwe lawo lomenyera milandu yotere, lomwe lero limatchedwa Fish Legal, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 kalabu ya asodzi yotchedwa Pride of Derby idapambana mlandu wotchuka wotsutsana ndi kampani ya British Celanese, khonsolo ya mzinda wa Derby ndi bungwe la magetsi, omwe ankaipitsa mtsinje wa Derwent. Anthu wamba ogwira ndodo adagonjetsa fakitale ndi khonsolo. Mpaka lero ndalama za ziphaso zowedzera ndi zomwe zimayendetsa malo oswetsera nsomba ku Calverton, pafupi ndi Nottingham, komwe kumachokera tiana ta barbel tokathira m'mitsinje yowonongeka. Ndipo nsomba zikayamba kufa penapake, kawirikawiri woyamba kuimba foni amakhala munthu yemwe adali pagombe mbandakucha ndi ndodo yake.

Izi ziyenera kutiluma ife okhala m'tauni. Timawoloka Mudi kapena mtsinje wa Lilongwe tsiku ndi tsiku, nthawi zina titatseka mphuno, ndipo ndi ochepa amene amamva kuti aberedwa kanthu. Mtsinje wopanda munthu woukonda ulibenso woulankhulira. Ngati mtengo wokhala ndi anthu zikwizikwi odziwa dziwe lililonse ndi kulilondera ndi wakuti nsomba zina zilasidwe pamlomo, pali omwe anganene kuti malondawo ndi abwino. Mtundu wa barbel wapindula ndi asodzi, ngakhale barbel yomwe ili pa mbedza lero siidziwa phindu limenelo.

Mfundo imeneyi ndi yoona, koma ili ndi malire. Imagwira ntchito kwa msodzi yemwe amakondadi mtsinje, osati kwa yemwe amangokonda kugunda kwa mtima wake. Awiriwa amakhala pagombe limodzi, ndi zida zofanana, ndi zithunzi zofanana. Chowasiyanitsa chimaoneka pokhapokha pomwe ubwino wa nsomba ndi chilakolako cha munthu zapatukana njira, ndiye kuti pa nthawi yoti munthu aleke.

Nthawi yoyamba yotere ndi miyezi itatu yotseka ija. Lamulo lake lidayamba mu 1878, ndipo limadziwika ndi dzina la Mundella, phungu wa ku Sheffield yemwe adalipititsa ku nyumba ya malamulo atapemphedwa ndi asodzi eni ake. M'madamu ndi m'nyanja zambiri lidachotsedwa mu 1995, ndipo pakhala mawu ofuna kuti lichokenso m'mitsinje, ena ochokera kwa ogulitsa zida, ena kwa asodzi omwe miyezi itatu imawatalikira. Bungwe la boma loona za chilengedwe, Environment Agency, litafunsa maganizo a anthu lidagamula mu 2019 kuti lamulolo likhalebe. Ife izi si zachilendo. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, usodzi umatsekedwa nyengo yadzinja motsogozedwa ndi mfumu yaikulu Makanjira, mwambo womwe wakhalapo kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo omwe amausunga ndi anthu omwe nsomba ndiye chakudya ndi fizi ya ana awo. Ngati wodalira nyanja pa moyo wake amatha kupachika ukonde miyezi ingapo, wowedza pofuna kusangalala alibe podandaulira.

Koma kumvera lamulo lokhala ndi chindapusa si mayeso ovuta. Ovuta amabwera m'chilimwe cha kumeneko, mu July ndi August, usodzi uli wotsegula. Madzi akatentha, mpweya wopumira nsomba umachepa, ndipo barbel, chifukwa cholimbana mpaka mphamvu zonse zitatha, imatuluka pankhondoyo ili ngati munthu wothamanga mtunda wautali m'chipinda chopanda mazenera. Ikatayidwa msanga imaoneka ngati yasambira bwino, koma ikafika pakati pa mtsinje imatembenuka chagada, madzi n'kuitenga kukafera kumunsi komwe msodzi sadzaiona. Iye amapita kwawo ndi chithunzi ndi mtima woyera, akukhulupirira kuti adaisiya ndi moyo. N'chifukwa chake bungwe la Barbel Society, lomwe lidayamba mu 1995, limalangiza kuti nsomba ipumitsidwe m'madzi ili mu kaukonde isanatulutsidwe, ikhale kunja kanthawi kochepa zedi, ndipo igwiriziridwe mutu utaloza kochokera madzi mpaka itayamba kukankha yokha, ngakhale zitenge mphindi zambiri. Izi zimachitika mumdima, munthu ali yekha, mawondo ali m'matope, nyambo ili m'madzi ndipo nsomba zina zikudya. Palibe womuona, ndipo chithunzi cha pa Facebook sichidzaonetsa ngati adadikira kapena ayi.

Mu July 2022 kutentha ku England kudapitirira madigiri 40 koyamba m'mbiri yolembedwa, ndipo mitsinje idaphwa kwambiri. Lamulo lotseka usodzi lidali litatha mwezi wapitawo. Makalabu ambiri adatseka okha magawo awo a mtsinje, ndipo mabungwe a asodzi adapempha anthu kuti asiye barbel mpaka madzi atazizira. Pamalo opanda kalabu, chisankho chidali cha munthu payekha. Madzi ochepa ndi oyera amaonetsa nsomba poyera, zitaunjikana m'maiwe ochepa otsala, ndipo munthu yemwe adadikira kuyambira March, yemwenso mwina tchuthi chake chapachaka chidagwera sabata yomweyo, ankatha kuima pamlatho n'kuiona ndi maso nsomba yomwe wakhala akuilota. Ena adatsika ndi ndodo. Ena adaiyang'ana kanthawi, n'kubweza zida m'galimoto.

Onsewa akafunsidwa anganene kuti adakodwa ndi barbel, ndipo onse akunena zoona. Koma woyambayo sangagwiritse ntchito mlandu wa Pride of Derby podziteteza, chifukwa pa tsiku lomwe mtsinje udamupempha kanthu, adasankha yekha. Wachiwiriyo funso la mlomo woboola likumudikirabe; silidayankhidwe, ndipo mwina tsiku lina adzafika poyang'ana nsomba pamlatho osafunanso kuikola, monga asodzi ena okalamba amachitira. Pakadali pano wabwerera kunyumba dzuwa lisanalowe, nyama ya m'chitini ija isanatsegulidwe, ndipo ana adabwa kumuona pa nthawi ya chakudya chamadzulo.